Kutsegula shopu pa intaneti: wogula saona katundu, amaona mawu athu

Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah, Mwini kupereka rizq kwa zolengedwa zake. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad, yemwe adadziwika ndi kukhulupirika pa malonda asanapatsidwe utumiki.

Abale ndi alongo, malonda a pa foni adafika kale m'makomo mwathu. Mayi wa ku Makawa amajambula usipa wake uli pathandala, n'kuika chithunzicho pa WhatsApp, ndipo pofika Asr wina wa ku Lilongwe amakhala atatumiza kale ndalama. Mnyamata wa ku Salima amagulitsa mikanjo ndi zisoti kwa anthu amene sadawaonepo. M'bale amene akugwira ntchito ku Johannesburg amalipira thumba la mpunga kuti likatulidwe kwa mayi ake ku Namwera. Tsopano ena mwa ife akufuna kupita patsogolo, kukhala ndi webusayiti yawoyawo yogulitsirapo katundu. Funso limene timalandira ndi lakuti: tiyambire pati, ndipo tichite bwanji kuti ndalama yake ikhale ya halali?

Tiyambe ndi kusiyana kumodzi kumene kukulamulira nkhani yonseyi. Pamsika wogula amatola usipa, amaununkhiza, amauthyola kuti aone ngati wauma. Pa intaneti alibe mwayi umenewu. Chimene ali nacho ndi chithunzi chathu, mawu athu ndi lonjezo lathu. Choncho amene akutsegula shopu pa intaneti akusenza udindo wokhala maso, mphuno ndi manja a wogula.

Katundu ayambe, webusayiti ibwere pambuyo

Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi chakuti munthu amathera mpamba wake wonse kwa wopanga webusayiti, kenako n'kupeza kuti alibe chogulitsa, kapena ali nacho koma sichingayende ulendo. Katundu woyenera malonda awa amadziwika ndi zinthu zitatu: saonongeka msanga, amatheka kumufotokoza ndi muyeso, ndipo timatha kumupeza nthawi imene wafunidwa. Usipa wouma, nsomba zowamba, mpunga wa Kilombero, ufa wa malambe, zitenje, mipango ndi mikanjo zimakwaniritsa zimenezi. Chambo chachiwisi n'chovuta kwa woyamba kumene, chifukwa popanda ayezi wokwanira chimakafika ku Blantyre chitasintha kale fungo.

Tisanalipire aliyense, tiyese kaye msika kwa miyezi iwiri kapena itatu. WhatsApp Business ndi yaulere, ndipo ili ndi malo oikapo chithunzi cha katundu aliyense, mtengo wake ndi mawu omufotokoza. Tsamba la pa Facebook nalonso silimalipiritsa. Tizilemba m'kope oda iliyonse: wagula ndani, wagula chiyani, ali kuti, ndipo kutumiza kwadya zingati. Kope limeneli ndi limene lidzatiuze ngati webusayiti ikufunikadi. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Kodi malonda osaonana maso ndi ololedwa?

Inde. Mu 1990, pa msonkhano wake wa ku Jeddah, bungwe la ma Ulama la International Islamic Fiqh Academy lidagamula kuti mgwirizano wa malonda wopangidwa pa telefoni, pa fax kapena pa kompyuta ndi wovomerezeka. Pa msonkhano womwewo lidanenanso kuti ndalama zikalowa mu akaunti ya munthu, zimatengedwa ngati wazilandira. Choncho vuto silili pa foniyo. Vuto lili pa chimene chikugulitsidwa ndi momwe chikugulitsidwira.

Mabuku a fiqhi ya Imam Shafi'i, imene ambiri mwa ife kuno kunyanja timatsatira, amagawa malonda patatu. Gawo loyamba ndi kugulitsa chinthu chimene onse awiri akuchiona, ndipo izi n'zololedwa. Gawo lachiwiri ndi kugulitsa chinthu chimene chafotokozedwa mtundu ndi muyeso wake, wogulitsa n'kusenza udindo wochipereka; izinso n'zololedwa ngati chinthucho chabwera monga momwe chidafotokozedwera. Gawo lachitatu ndi kugulitsa chinthu chimodzi chapadera chimene wogula sadachione. Ma Shafi'i saloleza gawo limeneli, pomwe ma Hanafi amaloleza koma amampatsa wogula ufulu wokana akadzachiona.

Tanthauzo lake kwa ife ndi lakuti shopu ya pa intaneti ikhazikike pa gawo lachiwiri. Tisalembe kuti "mpunga wabwino" basi. Tilembe kuti makilogalamu 5 a mpunga wa Kilombero wokolola chaka chino, wopetedwa, wopanda miyala. Tikamagulitsa chinthu chimene chilipo chimodzi chokha, monga foni yogwiritsidwapo kale ntchito kapena mbuzi ya Qurban, njira yopanda chikaiko ndi yakuti malonda atsirizike wogulayo, kapena munthu amene wamutuma, atachiona ndi maso.

Kugulitsa chimene tilibe

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Munthu amatenga zithunzi za nsapato za mu shopu ina ku Limbe, kapena za madiresi a ku Dar es Salaam, n'kuziika pa tsamba lake ngati ndi zake. Wina akalipira, ndi pamene amathamanga kukafunafuna. Akafika amapeza kuti zatha, kapena mtengo wakwera, ndiye amayamba kuzemba mafoni a wogula.

Nkhaniyi si yachilendo. Swahaba Hakim bin Hizam, Allah asangalale naye, adamufunsa Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, za munthu amene amabwera kudzafuna katundu amene iye alibe, iye n'kumugulitsa kenako n'kupita kukamugulira kumsika. Mtumiki adamuletsa kutero. Chifukwa chake chikuoneka poyera: wogulitsa akulonjeza chinthu chimene sichili m'manja mwake, ndipo mapeto ake ndi mkangano.

Koma Shariya sidatseke khomo popanda kutsegula lina. Pali njira zitatu.

Njira yoyamba ndi kuoda katundu kaye, kumulandira, kenako n'kumugulitsa. Imafuna mpamba, koma ndi yoyera kuposa zonse.

Njira yachiwiri ndi wakala, kutanthauza kukhala nthumwi. Timamuuza wogula mosabisa kuti katunduyu si wathu, ali ku Limbe, tikamugulira pa mtengo wa kumeneko, ndipo malipiro a ntchito yathu ndi akuti. Tingathenso kugwirizana ndi mwini shopu kuti tizimugulitsira katundu wake, iye azitipatsa gawo lodziwika. Pa njira imeneyi sitibisa mtengo weniweni kwa amene watituma.

Njira yachitatu ndi salam. Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, atafika ku Madina adapeza anthu akulipiriratu zipatso zoti adzalandire patapita chaka kapena zaka ziwiri. Sadawaletse, koma adawalamula kuti muyeso, kulemera ndi nthawi yake zikhale zodziwika. Choncho mayi wa ku Nkhotakota angathe kulandira ndalama lero pa matumba a mpunga oti adzapereke mwezi wamawa, ngati zinthu izi zakwaniritsidwa: ndalama yonse ilipidwe pa nthawi ya mgwirizano, osati theka ndiponso osati mawa, mtundu wa katundu ndi kuchuluka kwake zitchulidwe, tsiku ndi malo operekera zidziwike, komanso katunduyo akhale wopezeka pa nthawi imene walonjezedwa. Mfundo yomalizayi ikutikhudza kwambiri ife a kunyanja. Chakumapeto kwa chaka boma limatseka usodzi wa mitundu ina ya makoka kuti nsomba ziswane, ndipo m'nyengo ya mwera asodzi amatha masiku osalowa panyanja. Tisalandire ndalama pa nsomba zimene tikudziwa kuti pa tsikulo sizidzapezeka, kapena zidzapezeka mophwanya lamulo.

Kwa atelala amene amasoka mikanjo ndi madiresi pa oda pali mgwirizano wina wotchedwa istisna, umene bungwe la ku Jeddah lija lidaloleza kuti malipiro ake aziperekedwa pang'onopang'ono. Chofunika ndi kulemberana nsalu, miyeso ndi tsiku lomaliza.

Chithunzi ndiye pamwamba pa mulu

Mu Sahih Muslim muli nkhani yakuti Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adadutsa pa mulu wa chakudya chogulitsa, napisa dzanja m'katimo, ndipo zala zake zidakhudza chinyontho. Mwini wake adati chidavumbwa ndi mvula. Mtumiki adamufunsa chifukwa chimene sadaikire chonyowacho pamwamba kuti anthu achione, ndipo adachenjeza mwamphamvu za chinyengo.

Pa intaneti, chithunzi ndiye pamwamba pa mulu, ndipo wogula sangapise dzanja. Tikajambula usipa waukulu woyera wa pathandala, n'kutumiza wofiira wa pamchenga, tachita zomwe adachita mwini mulu uja. Choncho tijambule katundu weniweni amene titumize, masana, pamalo owala, popanda kusintha mtundu wake ndi zokongoletsera za mu foni. Ngati chitenje chimasuluka pochapa koyamba, tilembe. Ngati foni idasinthidwapo galasi, tinene. Wogula akapeza chilema chimene sadauzidwe, Shariya imampatsa ufulu wobweza katunduyo n'kulandira ndalama yake.

Pa miyeso, tikumbuke kuti Qur'an yolemekezeka ili ndi Surah yonse, Al-Mutaffifin, imene ikuyamba ndi chenjezo kwa opungula miyeso. Ndowa ndi ndowa sizifanana, ndipo mulu wa ku Monkey Bay si mulu wa ku Ndirande. Tigule sikelo, tizigulitsa pa kilogalamu, ndipo ngati n'kotheka tijambule katundu ali pasikelopo tisanamange.

Palinso chinyengo china chimene ambiri amachiona ngati nzeru za malonda. Kuuza achibale kuti alembe pa tsamba lathu kuti adagula ndipo adakondwa, pomwe sadagulepo, kukufanana ndi najsh, mchitidwe umene Mtumiki adauletsa, woti munthu azikweza mtengo asakufuna kugula pofuna kukopa ena. N'chimodzimodzi kulemba kuti mtengo watsitsidwa pomwe sudakhalepo pamwamba, kapena kuti katundu watsala awiri okha pomwe wadzaza chipinda.

Webusayiti yeniyeniyo

Makasitomala akachuluka moti sitingathenso kuyankha aliyense payekha, nthawi ya webusayiti yakwana. Webusayiti ili ndi zinthu zitatu. Choyamba ndi dzina lake, limene amati domain, lomwe limalipiridwa chaka ndi chaka. Likhoza kuthera ndi.mw, chizindikiro cha Malawi, kapena .com. Chachiwiri ndi hosting, malo amene zithunzi ndi masamba athu amasungidwa. Ili ngati lendi ya shopu. Chachitatu ndi pulogalamu yoyendetsera shopuyo. WordPress pamodzi ndi WooCommerce ndi zaulere, koma zimafuna munthu wodziwa kuziika ndi kuzisamala. Shopify ndi yosavuta kuyamba nayo, koma imalipiridwa mwezi ndi mwezi ndi ndalama zakunja. Amene akukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 aliwonse akudziwa tanthauzo la bilu ya madola kwa munthu wogulitsa mu makwacha.

Tikamalemba ntchito wopanga webusayiti, tionetsetse kuti domain yalembetsedwa m'dzina lathu ndi pa imelo yathu, ndipo mawu achinsinsi olowera tili nawo ndife. Zikapanda kutero, tsiku lodzasemphana naye adzapita ndi shopu yonse. Tilemberane ntchito imene agwire, mtengo wake, ndi amene azidzakonza zinthu zikavuta.

Makasitomala athu ambiri amalowa pa foni ndi bandulo yowerengeka. Tsamba lodzaza ndi mavidiyo ndi zithunzi zolemera amalitseka lisanatseguke. Zithunzi zikhale zopepuka, mtengo ulembedwe mu makwacha pansi pa katundu aliyense, ndipo pakhale batani lopita ku WhatsApp. Pakhalenso tsamba limodzi lonena kuti ndife ndani, tili kuti, nambala yathu, mtengo wotumizira ku mzinda uliwonse, masiku amene katundu amatenga, ndi zimene timachita munthu akafuna kubweza. Adiresi ya webusayiti iyambe ndi https, kuti zimene wogula akulemba zisaonedwe ndi ena panjira.

Kulandira ndalama

Ambiri adzalipira pa Airtel Money, pa TNM Mpamba kapena kudzera ku banki. Abale a ku South Africa amagwiritsa ntchito makampani otumiza ndalama monga Mukuru. Ndi bwino kukhala ndi nambala ya bizinesi yosiyana ndi ya pakhomo, chifukwa ndalama ya ndiwo ikasakanikirana ndi mpamba, mpamba ndi umene umadyedwa. Powerengera mtengo tisaiwale ndalama imene imadulidwa potapa kwa ajenti.

Akathyali amakonda anthu oyamba kumene. Amatumiza uthenga wooneka ngati wochokera ku kampani ya foni, kapena chithunzi chosonyeza kuti alipira, n'kumakakamiza kuti katundu akwezedwe basi isananyamuke. Ena amaimba akudandaula kuti atumiza ndalama molakwika, tiwabwezere. Lamulo lathu likhale limodzi: tisakhulupirire uthenga, tione tokha mu akaunti ngati ndalama yalowadi. Nambala yachinsinsi sitiuza munthu aliyense, ngakhale wodzitcha wogwira ntchito ku kampaniyo.

Wogula wina amakana kulipira asanaone katundu, ndipo sitingamudzudzule. Tikavomera kuti adzalipire katundu akafika, tidziwe kuti uthenga wake ndi lonjezo chabe; malonda enieni adzachitika pa nthawi yopatsana. Akakana pa chifukwa chomveka, sitingamukakamize. Tigwirizane poyamba za amene adzalipire ulendo zikatero.

Kutumiza katundu

Katundu wochoka ku Mangochi kupita ku Blantyre amadutsa ku Liwonde, m'manja mwa anthu angapo. Wochoka ku Nkhotakota kupita ku Lilongwe naye amayenda maola angapo, padzuwa kapena pamvula. Akasowa kapena kuonongeka panjira, waluza ndani? Mu fiqhi ya Shafi'i, katundu wogulitsidwa amakhalabe pa udindo wa wogulitsa kufikira wogula, kapena nthumwi yake, atamulandira. Choncho ngati ndife tasankha wonyamula, sitingamuuze wogula kuti ife tidakweza, zinazo adziwa yekha. Tiyenera kutumiza wina kapena kubweza ndalama.

Pa chifukwa chimenechi, kampani yonyamula katundu imene imapereka lisiti ndi yabwino kuposa kupatsira munthu wosamudziwa pa depoti, ngakhale itakwera mtengo pang'ono. Timange bwino: nsomba zouma zisaphwanyike ndipo zisalowe chinyontho, zovala zikhale m'pepala losalowa madzi. Tilembe dzina ndi nambala ya wolandira moonekera, timutumizire chithunzi cha lisiti, ndipo madzulo timufunse ngati walandira bwino. Funso laling'ono limeneli ndi limene limabweretsa oda yachiwiri.

Malamulo a dziko, mpamba ndi zakaat

Bizinesi ya pa intaneti ndi bizinesi ngati ina iliyonse. Imalembetsedwa ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, ndipo nambala ya msonkho ya TPIN imatengedwa ku MRA. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limavomereza migwirizano ndi mauthenga a pa makina, choncho zimene talemberana ndi wogula zikhoza kukhala umboni, tisazifufute. Wogula amene wanyengedwa ali ndi ufulu wokadandaula ku bungwe la CFTC. Amene akulongedza zakudya m'mapaketi okhala ndi dzina lake apite ku Malawi Bureau of Standards akamve zofunika, ndipo asasindikize chizindikiro cha halali cha bungwe lililonse popanda chilolezo chake. Manambala ndi maadiresi a makasitomala ndi amana m'manja mwathu, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2024 limawateteza. Tisawapereke kwa ena, tisawaponye m'magulu a WhatsApp iwo asanavomere.

Pa nkhani ya mpamba, ngongole za pa foni ndi za katapira zimabwera msanga, koma chiwongoladzanja chake ndi riba. Njira za halali zilipo. M'bale angatibwereke n'kudzamubwezera ndalama yomweyo popanda kuonjezera. Angathenso kuika ndalama yake, ife n'kuika ntchito yathu, n'kugwirizana kugawana phindu, mwachitsanzo 60 kwa wogwira ntchito ndi 40 kwa mwini ndalama pa 100 iliyonse. Umenewu ndi mudharaba. Chosaloledwa ndi kumulonjeza ndalama yokhazikika mwezi uliwonse kaya phindu lilipo kaya palibe. Zikavuta popanda kusasamala kwathu, iye amaluza ndalama, ife timaluza thukuta. Zonsezi zilembedwe pamaso pa mboni, ngakhale pakati pa mwana ndi malume ake. Ayah yaitali kuposa zonse mu Qur'an, ya nambala 282 mu Surah Al-Baqarah, ikunena za kulemba ngongole.

Kope lija lidzatithandizanso pa zakaat. Katundu wa malonda, pamodzi ndi ndalama zimene tili nazo, akafika pa nisab n'kutha chaka, amaperekeredwa 2.5 pa 100 iliyonse, powerengera mtengo wake wa pa nthawiyo. Wosalemba sangadziwe chimene akuyenera kupereka.

Shopu yosatseka, mwini wake wodziwa nthawi

Webusayiti siigona, ndipo mauthenga amalowa usiku ndi usana. Izi zisatichititse akapolo a foni. Surah Al-Jumu'ah ikutilamula kusiya malonda adhana ya Swala ya Ijuma ikamveka, ndipo foni ya m'thumba ili m'gulu la malondawo. WhatsApp Business ili ndi uthenga wodziyankha wokha. Tiukonze kuti uziuza wogula kuti tili ku Swala ndipo timuyankha nthawi yakuti. Kenako tiyankhedi pa nthawi imene tanenayo.

Makolo, mwana akabwera kudzapempha mpamba wa shopu ya pa intaneti, musamukanize chabe chifukwa simukuona benchi kapena chitseko. Mufunseni mafunso anayi: katundu ali kuti ndipo ndi wa ndani? Chithunzichi ndi cha katundu yemweyo? Akasowa panjira ubweza ndi chiyani? Walemba pati? Akayankha momveka, mudalitseni ndipo mumuthandize. Akalephera, khalani naye pansi mukonze limodzi asanalandire ndalama ya munthu. Pamene pavuta pa nkhani ya fiqhi, pitani kwa Sheikh wa pa mzikiti wanu ndi mgwirizano weniweniwo m'manja.

Tikupempha Allah kuti aike madalitso m'malonda athu, atitalikitse ku haramu, ndipo atipatse rizq la halali lokwanira mabanja athu. Ameen. Ndipo Allah ndiye Wodziwa kwambiri.